Wosewera wa ku Garden

Nusra anatsika minibasi pafupi ndi msika wa Matero dzuwa lili paliwombo, atakumbatira jumbo ya pulasitiki ngati muli mazira. Munali mu 1997. Mafakitale ambiri a mu Lusaka anali atatseka, ndipo amuna amene kale ankadzuka ndi belu la ku ntchito tsopano ankagulitsa salaula, zovala za kaunjika, ndi mabatire m'mbali mwa msewu. Mtsikanayo anaima pa thebulo la mayi wina wogulitsa tomato n'kufunsa kumene kunali shopu ya magemu.

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira pa mpango wakuda wa kumutu mpaka ku nsapato.

"Imwe ba sisi, na mpango wanu uyu, mufuna chani ku malova?"

"Nifuna banikonzeleko chinthu."

"Ni kuseli kwa saluni ija ya buluu. Koma jumbo yanu muigwile bwino. Ni bana ba chamba baja."

Shopuyo inali chipinda chimodzi cha ma TV awiri, mabenchi atatu ndi thebulo la mawaya pakona. Fungo la chamba munalibe. Munkamveka thukuta ndi chimanga chootcha. Amuna angapo anali atatong'olera maso pa tianthu tiwiri timene tinkamenyana nkhonya pa TV. Mwini shopu, Dingani Maseko, anali mnyamata wamtali wolankhula motsitsa mawu. Kale ankalumikiza mawailesi pa fakitale ina, mpaka tsiku limene anapeza loko pa geti.

"Mashini iyi yaleka kuonesa," anatero Nusra, akutulutsa makina akuda a gemu m'jumbomo. "Phokoso limveka, koma pa TV ni mizele chabe."

Dingani anawatembenuza makinawo n'kugwedeza waya wa kumbuyo.

"Waduka mukati uyu. Mukauze alongo anu kuti bakaluza basazikoka na mphamvu."

"Alongo anga bali ku Joni. Mashini ni yanga."

"Yanu yosunga?"

"Yanga yosewela."

Phokoso la pa benchi linachepa. Victor, kondakita wa minibasi amene palibe anali atamugonjetsa m'shopumo kuyambira pa Isitala, anatembenuka akuseka.

"Ba sisi, gemu yamene mukamba ni ija yondandalika tumabokosi mu laini? Ija ndiye ya bakazi."

"Iyi ya nkhonya muiziba bwino?" anafunsa Nusra.

"Funsani aliyense pano."

"Nifunsa imwe."

Anakhala kumapeto kwa benchi, atasiya mpata waukulu pakati pa iye ndi Victor. Wina anamupatsira kachipangizo ka mabatani kamene anyamatawo ankakatchula kuti padi. Nusra sanakagwire m'manja ngati enawo. Anakaika pamiyendo n'kuyendetsa zala pamwamba pake ngati munthu wosankha timiyala mu mpunga. Victor ankasewera ndi thupi lonse, mapewa, mawondo ndi pakamwa pomwe. Nusra anangokhala duu, maso okha ndi amene ankayenda.

Atagwa koyamba, Victor anati ndi mwayi. Kachiwiri anati padi yake ili ndi batani louma, ndipo anasinthana. Kachitatu kamunthu ka Victor kanagwa kasanamukhudze n'komwe mnzakeyo.

"Sali wosewela uyu," anatero Victor, akupukuta thukuta ndi chipewa. "Wosewela wa zoona ni wamene atha masiku pano na ise. Wamene anathabapo sukulu chifukwa cha gemu, ba tate bake bamukwapula, mailo abwela futi. Kusewela mu nyumba weka sikusewela."

"Ngati chikwapu ndiye satifiketi, ine nilibe," anayankha a Webster, bambo wa imvi amene anali kalaliki asanachotsedwe ntchito, ndipo ankabwerabe ku shopuko atamanga tayi. "Manje ine ndine chani, Victor? Mlendo?"

"Imwe ba Webster musewela chabe ya bola, ija ya mpila wa miyendo."

"Ndiye wa bola si wosewela, wa mu nyumba si wosewela, mkazi si wosewela. Watsala iwe weka, futi waluza."

Anthu anaseka. Dingani sanaseke nawo. Ankayang'ana zala za mtsikanayo, n'kumadzifunsa kuti munthu amaphunzira kuti kusewera mwakachetechete chonchi. Waya uja akanatha kumulumikiza pomwepo madzi a tiyi asanawire.

"Mubwele Lachinayi," anatero. "Chofunika nilibe pano. Nizasakila mu tauni."

*

Lachinayi Nusra anafika m'mawa, m'shopu muli a Webster okha akuwerenga nyuzi ya dzulo. Makina anali atakonzedwa, atapukutidwa mpaka m'mphepete mwa mabatani.

"Ningakufunseni chinthu?" anatero Dingani. "Chifukwa chani simukamba mukasewela? Olo kupuma simupuma."

Nusra anayang'ana a Webster, amene anakweza nyuzi yawo mpaka kubisa nkhope.

"Amama banadwala sitiroko zaka zitatu zapita," anatero. "Kwanja ya kumanja na mwendo vinafa. Kukamba bakamba tumawu tubili tutatu. Ine ninasiya sukulu ya taipi kuti nizikhala nabo. Ababa bachoka m'mawa kupita ku shopu yabo yosoka, babwela dzuba litalowa. Pakati apo ni ine, amama, na chipupa."

"Na mashini."

"Alongo anga ba Sultan banaisiya bakuyenda ku Joni. Ninayamba kusewela amama bakagona, phokoso nachosa kuti basauke. Tsiku lina natembenuka, napeza bali maso. Banali kuyang'ana kuyambila kale. Kamunthu kanga kakagwa, bamenya bedi na kwanja ya kumanzele. Manje nikachedwa kuyasa TV, baniyang'ana na diso ija."

Dingani anakhala kanthawi akupotokola kawaya ndi zala.

"Ba tate banu baziba?"

"Baganiza nibaikila makatuni."

Anamuperekeza ku siteji ya minibasi, atamunyamulira jumbo. Pakhomo pa saluni ya buluu panaima Rhoda, mtsikana woluka tsitsi amene ankamubweretsera Dingani chakudya cha masana osapemphedwa. Anasiya chipeso m'mutu mwa kasitomala n'kuwayang'ana mpaka anakhota pakona.

Pa siteji Dingani anatulutsa kaseti ya gemu m'thumba.

"Mubwelekeko iyi. Mukabweze mukafuna."

Nusra atafika kunyumba ku Garden anapeza kapepala kopindidwa m'chikutiro cha kasetiyo. *Ba Nusra, pa gawo lachisanu pali chitseko chamene chanikanga miyezi itatu. Mukachitsegula muniuze. Futi muniuze ngati mukonda vitumbuwa. D.*

Lachinayi lililonse Nusra ankapititsa mayunifolomu osokedwa ndi bambo ake ku sitolo ina ya ku Matero. Sabata yotsatira kaseti inabwerera ili ndi kapepala kena. *Ba Dingani, chitseko chija sichitseguka. Mudumphe pamwamba pake. Vuto yanu muganiza kuti chilichonse nichomenya. Vitumbuwa nikonda, koma votentha. N.*

Kuyambira pamenepo makaseti ankapita ndi kubwera. M'timapepalamo nkhani za zitseko ndi zigawo zinkachepa, zina zinkachuluka. Dingani analemba za agogo ake amene anachoka ku Ntcheu wapansi kudzafuna ntchito. Nusra analemba kuti amalakalaka atayenda pa sitima mpaka kumene njanji imathera, kungoti akaone kuti kumeneko kuli chiyani. Tsiku lina Dingani analemba mzere umodzi wokha: *Lachinayi lichedwa maningi.* Nusra anakasunga kapepalako m'kati mwa pilo.

*

"Uja wa mpango abwela kukonzesa chani sabata iliyonse?" anafunsa Rhoda, akuika mbale yovindikira pa thebulo la mawaya. "Mashini yake ifa Lachinayi chabe?"

"Ni kasitomala."

"Kasitomala wamene mumugulila vitumbuwa." Rhoda anakhala pa benchi n'kupinda miyendo. "Dingani, ine nikufunila vabwino. Ba malume banga bafuna munthu ku hadiweya yabo mu tauni. Nchito ya zoona, ya kiyi na ovololo. Mwamuna wa ndevu sangakalambe akuthamangisa tumunthu twa mu TV. Uziba vamene bakamba pa msika? Bakuti ndiwe mfumu ya malova."

"Ba Webster ni lova? Uja nesi abwela akaweluka ni lova?"

"Ine sinikamba vamene vili. Nikamba vamene banthu bakamba. Nanga ni tate uti angapase mwana wake kuli munthu wa magemu? Olo ba mai bako ku tchalitchi bakamba kuti ukonza mawailesi. Bachita manyazi."

Dingani ankadziwa kuti zimenezo zinali zoona. Rhoda atatuluka, mbale ija inakhala pomwepo yosavundukulidwa mpaka inazizira.

*

Kwa masabata awiri Dingani anakhala akupanga chinthu china kuseri kwa thebulo. Anatenga thabwa, mabatani akuluakulu a wailesi yakale ndi kamtengo kowongolera, n'kuzilumikiza kuti munthu wa dzanja limodzi athe kusewera. Sanamuuze Nusra. Loweruka masana anakulunga thabwalo mu nyuzi, anavala shati yoyera n'kukwera minibasi ziwiri mpaka ku Garden. Nyumba sinavute kupeza, aliyense ankawadziwa a Abdulmajid atelala.

Anawapeza pakhonde, atavala kofia yoyera, akudula ulusi pa thalauza. Anali bambo owonda, a maso ofufuza. Ngakhale anabwera ku Lusaka ali mnyamata, ankalankhulabe Chichewa cha kwawo ku Malawi, ndipo pakhomo pawo ana onse ankalankhula chomwecho.

Dingani ananjuta n'kupereka moni mmene agogo ake anamuphunzitsira.

"Zikomo, khalani," anatero a Abdulmajid. "Ndinu mwana wa yani?"

"Wa a Maseko a ku Matero, bambo. Agogo anachokera ku Ntcheu."

"Ndiye ndife amodzi. Mwatitengera chiyani?"

"Ndine amene ndinakonza makina a m'nyumba muno. Ichi n'chothandizira mayi kuti azitha kuwagwira okha."

Nkhope ya bamboyo inafewa pang'ono, kenako inabwerera mwakale.

"Ku Matero. Si kumene kuli zipinda zija zosewereramo anyamata pa TV? Ndimamva kuti n'chimodzimodzi njuga. Ana akuba ndalama za makolo, akuluakulu akusuta, ntchito osafuna. Mwana wa mnzanga wa ku mzikiti analephera mayeso chifukwa cha zimenezo." Anaika lumo pansi. "Inu muli m'gulu limenelo?"

Dingani anamva mawu a Rhoda m'makutu. Anayang'ana kofia yoyera ija, anayang'ana shati yake.

"Iyayi, bambo. Ine ndimangokonza. Osewerawo ndi anthu osowa chochita. Ine sindigwira n'komwe."

"Mwachita bwino. Munthu wa luso asamadzisakanize ndi malova."

Katani ya pakhomo inagwedezeka. Nusra anatuluka, anagwada patali n'kulandira phukusi lija ndi manja awiri. Sanamuyang'ane Dingani kumaso.

"Zikomo, a okonza," anatero, n'kulowanso m'nyumba.

Lachinayi Nusra anadutsa pa shopu Dingani atapita kukagula mawaya. Anasiya kaseti m'manja mwa a Webster osakhala pansi. Kapepala kanali kakafupi. *Ba okonza, kaseti yanu iyi. Ine ndine mmodzi wa baja osowa chochita. Amama nabo manje balowa gulu, thabwa lanu lisebenza. Nayamikila. Musalembe futi.*

Dingani anawerenga katatu. A Webster anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Wachita chani?"

Anawafotokozera zonse.

"Ine tayi iyi nimanga kuti banthu baziganiza kuti nikali pa nchito," anatero a Webster. "Ndiye sinizakuweluza. Koma ine ninama pa khosi yanga. Iwe wanama pa mutu wa mwana wa bene."

*

Lachiwiri lotsatira Rhoda anafika pa shopu yosokera ya a Abdulmajid ku msika wa Garden, atanyamula diresi loti alichepetse m'chiuno. Pamene bamboyo ankalemba miyeso ndi choko, Rhoda anayamba ngati nkhani wamba.

"Mwana wanu ni katswili, ba tate. Matero yonse imukamba. Anagwesa kondakita katatu, bamuna bonse kuwomba m'manja."

Choko chinaima.

"Mwana wanga uti?"

"Uja Nusra. Lachinayi lililonse ali pa benchi ku shopu ya Dingani. Ine ninaganiza muziba, popeza mwine wa shopu anabwela na kunyumba kwanu. Uja ndiye mkulu wabo wa osewela."

A Abdulmajid anamubwezera diresi lija osalisoka. Anatseka shopu masana, chinthu chimene ankachita Lachisanu ndi Loweruka basi, ndipo anakwera minibasi ya m'tauni osauza munthu kumene akupita. Pobwerera kunyumba anangolowa kuchipinda kumene a Kulthum, mayi ake a Nusra, ankagona. Anazula mawaya ku TV, anatenga makina ndi thabwa lija n'kuzitsekera m'thiranki. Kiyi anaika m'thumba.

"Ababa, mundimvere kaye," anatero Nusra.

"Ndamva kale, kwa mlendo, pamsika. Ku Matero supitanso. Mayunifolomu ndizipititsa ndekha."

A Kulthum anayang'ana thirankiyo. Anatembenukira kukhoma. Tsiku limenelo sanadye. M'mawa mwake anamwa tiyi pang'ono n'kukankha mbale ya phala ndi dzanja lamanzere. Lachinayi anakana ngakhale kuwakhazika pampando wa pawindo. A Abdulmajid anaganiza kuti matenda abwereranso, ndipo anayamba kufunsa za galimoto yopita ku chipatala.

*

Loweruka masana Dingani anafikanso ku Garden. Ulendo uno sanavale shati yoyera, anabwera ndi juzi yake ya masiku onse yopsa pamkono ndi chowotcherera mawaya. Sanadziwe kuti Rhoda anali atafika kale kwa bambo ake a Nusra. Anangoona kuti a Abdulmajid sanamuloze mpando.

"Bambo, tsiku lija ndinakunamizani," anatero ataima pabwalo. "Shopu ya magemu ku Matero ndi yanga. Ndimakonza, komanso ndimasewera. Ndimasewera tsiku lililonse, ndipo ndimakonda."

"Mwachedwa. Ndinauzidwa."

"Ndinaopa kuti mundiona ngati lova."

"Nanga si ndinu?"

"Mwina ena amene amabwera ndi malova, sindikana. Ana a yunifolomu ndimawabweza nthawi ya sukulu, koma ena amandizemba. Za njuga ndi chamba, bwerani tsiku lililonse osandiuza, mudzaone nokha. Mudzapeza kondakita, nesi, bambo wina wa tayi amene ntchito inamuthera ndipo kunyumba kumamutalikira. Ndinawanyoza onsewo pamaso panu kuti inu mundikonde. Ndinanyozanso mwana wanu."

"Mwana wanga munamukhazika pa benchi ndi amuna."

"Anandikhazika ndani, Ababa?" Nusra anali atatuluka, atagwada pafupi ndi chitseko. "Ndinakhala ndekha. Kusewera sindinaphunzire ku Matero. Ndinaphunzira m'nyumba mwanu muno, zaka zitatu, inu muli ku ntchito. Si makatuni amene ndimawaikira amama."

A Abdulmajid anatembenuka pang'onopang'ono.

"Ukuti chiyani?"

"Amama sakudwala mwatsopano. Akwiya. Mwawatsekera chinthu chawo m'thiranki."

"Mayi ako? Mkazi wa zaka makumi asanu, wopemphera?"

"Ndipatseni kiyi muone. Mukaona kuti ndi zoipa, mukatenthe nokha, sindidzalira."

Bamboyo anayang'ana mwana wawo ngati akumuona koyamba. M'maso mwawo mkwiyo unali ukulimbana ndi chidwi. Kenako analowetsa dzanja m'thumba.

Analowa onse atatu, Dingani atavula nsapato pakhomo n'kuima pafupi ndi chitseko cha chipinda. A Kulthum anali chigonere, nkhope kukhoma. Atamva thiranki ikutseguka anatembenuza mutu. Nusra anawadzutsa, anawatsamiritsa pa mapilo n'kuwaikira thabwa lija pamiyendo. TV itayaka, panaoneka kagalimoto kofiira pa msewu wokhotakhota.

Dzanja lamanzere la a Kulthum linagwira kamtengo kaja. Kagalimoto kananyamuka, kanagunda mpanda, kanabwerera, kanadutsa lole imodzi, kenako ina. Pakona yachitatu kanagubuduzika kugwera m'munda. A Kulthum anaseka. Kunali kuseka kwa mbali imodzi ya pakamwa, kosweka, koma kunadzaza chipinda chonse.

A Abdulmajid anakhala pansi m'mphepete mwa bedi. Kuseka kumeneko anali asanakumve chiyambire matenda aja.

"Amaseka chonchi masiku onse?" anafunsa motsitsa.

"Masana alionse," anayankha Nusra.

A Kulthum anasiya kamtengo, anagwira dzanja la amuna awo n'kuliika pa thabwa.

"Inu," anatero. Linali limodzi mwa mawu ochepa amene anawatsalira.

"Ine sindidziwa zimenezi, Kulthum."

"Inu."

Telala wa zaka makumi atatu pa makina osokera anagwira kamtengoko ndi zala ziwiri ngati singano. Kagalimoto kanayenda pang'ono n'kulowa m'ngalande. A Kulthum anamenya bedi ndi chikhatho, misozi ikutsika ndi kuseka. A Abdulmajid anayesanso, n'kugweranso pomwepo.

"Chimakhota mochedwa chinthuchi," anadandaula.

"Mumayamba kukhota musanafike pakona, bambo," anatero Dingani ali kuchitseko, kenako anadzigwira pakamwa.

Bamboyo anamuyang'ana, koma sanamukalipire. Nusra anaweramitsa mutu kubisa kumwetulira. Podutsa kupita kukhitchini anayankhula osatembenuka, motsitsa kuti amve Dingani yekha.

"Sininakukhululukileni. Koma tiyi muzamwa."

A Kulthum atavomera phala, a Abdulmajid anatuluka ndi Dingani pakhonde. Ulendo uno anamukankhira mpando. Bamboyo ankatembenuza kiyi wa thiranki m'manja.

"Za masewerawa mwina ndinaweruza ndisanaone," anatero. "Shopu yanu ndidzabwera kudzaiona, ndipo sindidzakuuzani tsiku. Bodza lanu sindinaliiwale. Koma thabwa lija munapanga ndi mtima, ndaona."

"Zikomo, bambo."

"Musathokoze. Pali chimene ndachita." Anapuma mozama. "Lachiwiri, mtsikana wa diresi uja atachoka, ndinapita ku positi m'tauni. Ndinaimbira foni akulu anga ku Limbe. Kumeneko kuli mnyamata, Hakim, mwana wa mnzawo, Msilamu mnzathu, ali ndi sitolo ya nsalu. Chaka chonse akhala akumufunsira Nusra, ine n'kumazengereza chifukwa cha mayi akewa. Tsiku limenelo ndinali ndi mkwiyo. Ndinavomera."

Dingani anaweramira kutsogolo.

"Simungawaimbirenso, bambo?"

"Ananyamuka dzulo. Agona ku Chipata kwa achibale, afika kuno Lolemba, iwo ndi mnyamatayo. Akulu anga ndi amene anandilera bambo athu atamwalira. Chibadwire sindinawabwezepo mawu."

Kumbuyo kwawo makapu analira pa thireyi. Nusra anali ataima pakhomo, ndipo nkhope yake inasonyeza kuti wamva zonse. Anagwada, anaika thireyi pansi bwinobwino, anathira tiyi m'kapu ya bambo ake, kenako ya mlendo, osataya ngakhale dontho. Atamaliza anadzutsa maso.

"Ababa, akulu anu afunsa inu, inu mwavomera. Hakim wafunsa akulu anu, iwo avomera." Anaika supuni pambali pa kapu. "Lolemba likafika, ine adzandifunsa ndani?"